Funsani Amalume: kuyenda wapansi mpaka ku Zobwe

Mwezi uno makalata ambiri abwera ofunsa za peregrinasau, ulendo wa kumalo oyera uja, makamaka kwa omwe akufuna kuponda pansi osakwera chapa. Ndasankhapo ochepa, ena ndawafupikitsa poti malo ngochepa. Maina sitilemba monga mwa nthawi zonse.

Amalume, mwana wanga atadwala kwambiri chaka chatha ndinalonjeza kuti akachira ndidzayenda wapansi kuchoka kwathu kuno ku Moatize mpaka kwa Amayi Maria ku Zobwe. Mwana anachira, pano akusewera. Nde ndikufuna ndikakwaniritse, koma sindinayendepo ulendo wautali chonchi. Masiku angati? Ndingapite ndekha? Mayi wa ana atatu, Moatize

Mayi, choyamba tithokoze Mulungu kuti mwana ali bwino, nkhani yanu yandikhudza. Lonjezolo kalikwaniritseni ndithu, koma mulikonzekere, chifukwa mwanayo akufuna amake abwerere ali moyo komanso akuyenda ndi miyendo yawo.

Kuchoka pa Moatize kukafika pa Zobwe potsata msewu wa N7 ndi makilomita pafupifupi 100, wochokera mu mzinda wa Tete awonjezerepo ena 20. Munthu wabwinobwino atanyamula kachikwama amayenda makilomita 4 pa ola, tsiku loyamba mwina 5 poti mphamvu zikadalipo, koma pofika tsiku lachitatu mapazi atatupa mudzaona kuti ngakhale 4 yemweyo akuvuta. Nde inu werengerani makilomita 20 patsiku, masiku 5, kenako muikepo tsiku limodzi lapadera loti china chikavuta musathamangire. Tsiku la ulendo wa dayosizi amalengeza ku parishi, mukalimva muwerenge chobwerera m'mbuyo kuti mudzafike kutatsala tsiku, mudzasambe, mudzalape, mudzapume, osati kufika Misa ili mkati inu mukugwa ndi tulo.

Koma chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi, ulendo wa kwathu kuno suwerengedwa ndi makilomita okha ayi, umawerengedwa ndi pomwe pali madzi ndi pomwe mukagone. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa, amangoti lero tiyenda 25 basi, nde 25 uja amakathera patchire popanda mjigo popanda nyumba, dzuwa likulowa. Inu musanayambe kwerani chapa tsiku lina mupite ku Zobwe ndi kubwerako muli ndi kope m'manja, mukhale ku windo, muzilemba: apa pali msika, apa mjigo, apa kapela, apa posito ya zaumoyo, apa mtunda wautali wopanda mudzi. Ndalama ya chapa imeneyo musaione ngati yatayika, ndi imene idzakupulumutseni. Mukabwerako mugawe masiku anu molingana ndi malo amenewo, pena tsiku lidzakhala la makilomita 16 pena 23, palibe vuto.

Za dzuwa sindingakuuzeni zachilendo, mumakhala ku Moatize. Tete ali m'chigwa cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo phula limatentha kuposa pamenepo. Ngati lonjezo lanu silinamangidwe pa tsiku, sankhani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mulimonsemo dzukani usiku, 4 koloko mukhale mwanyamuka, pofika 10 koloko mukhale mwadya kale gawo lalikulu la tsikulo nkukhala pamthunzi, kudya, kuvula nsapato, kugona pang'ono. Cha m'ma 3 koloko mutha kuwonjezera ola limodzi kapena awiri, koma mdima usakupezeni pamsewu. Madzi pa tsiku lotentha malita 4 sachuluka, koma lita imodzi imalemera kilo imodzi nde simungasenze onse, nyamulani mabotolo awiri a lita ndi theka muzidzaza paliponse mwapeza mjigo olo asanathe. Madzi a pachitsime kapena mumtsinje thiranimo Certeza, mankhwala oyeretsera madzi aja, monga zalembedwera pabotolo ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Muziyang'ana mkodzo wanu, ukayamba kuchepa nkuda ngati tiyi ndiye kuti thupi lauma, imani mumwe.

China chomwe anthu a kuchigwa amaiwala, Zobwe ali pamtunda. Mukamayandikira ku Mussacama msewu umayamba kukwera, masiku omaliza ndi a zitunda pomwe miyendo yatopa kale, ndipo usiku kumazizira moti munthu wozolowera kugona panja ku Moatize amanjenjemera. Juzi ndi kabulangete kopepuka musasiye.

Zopita nokha ayi mayi, chonde. Sikuti anthu a m'njira ndi oipa, ambiri adzakupatsani madzi ndi mphasa mosavuta, koma mukakomoka ndi dzuwa kapena bondo likakana afunika wina woti athamange. Kauzeni bambo mfumu kapena akatekisita, mudzadabwa kuti mu mphakati mwanu momwemo muli ena awiri atatu omwe akhala akufuna koma amasowa mnzawo. Ndipo yambani lero kuzolowetsa thupi, sabata ziwiri zoyamba makilomita 5 katatu pa sabata, kenako 10, kenako Loweruka lina 20 mutasenza chikwama chomwe mudzanyamulecho, mawa lake muyendenso 15. Tsiku lachiwiri limenelo ndi lomwe lidzakuuzeni zoona za thupi lanu. Miyezi iwiri yokonzekera ndi yabwino.

Malume ine ndasunga ndalama ndikufuna kugula nsapato zatsopano za ulendowu, koma anzanga ena akuti ulendo weniweni munthu amayenda osavala kuti nsembe ikhale yaikulu. Zoona? Mnyamata wa kwaya, Ulongwe

Mphwanga, anzakowo ndikuwamvetsa, mtima wawo ndi wofuna kupereka, koma ine sindikuvomereza. Mpingo sunalamule munthu kuti ayende chosavala, ndipo kuchoka ku Ulongwe kutsika ndi msewu wa N304 kudzera pa Mussacama mpaka ku Zobwe ndi makilomita opitirira 100 a phula, miyala ndi magalasi osweka. Ndinaonapo mnyamata wina atayesa zimenezi, tsiku lachiwiri mapazi anali nyama yokhayokha, gulu lonse linaima theka la tsiku kumusakira galimoto, kumalo oyerako sanafike ndipo analira kwambiri. Kutopa kokha kwa masiku 5 kapena 6 ndi nsembe yokwanira. Ngati mtima ukukukakamizabe, vula pofika pa bwalo la tchalitchi, mamita omaliza amenewo.

Nsapato zatsopano nazonso ndi msampha. Yabwino ndi yomwe phazi lako likuidziwa kale. Ngati ugule, gula pano, olo pa kaunjika zimapezeka zabwino, ndipo uyende nayo sabata zitatu kapena zinayi ulendo usanafike. Ukayese madzulo phazi litatupa, utavala sokosi, kutsogolo kwa chala chachikulu kuzitsala malo okwana chala cha m'manja chimodzi, chifukwa pa ulendo phazi limakula ndipo potsetsereka zala zimagunda kutsogolo mpaka zikhadabo kuda. Zofewa zothamangira zija zimaposa majombo. Tenganso mapatapata ovala madzulo kuti mapazi apume.

Masokosi mapeya atatu, osabooka, osasokedwa chigamba pachidendene. Pa mpumulo uliwonse vula, pukuta phazi, sintha sokosi, yonyowayo uipachike pachikwama iziuma ukuyenda. M'mawa paka Vaseline pakati pa zala ndi pachidendene, komanso m'mphechepeche ndi m'khwapa momwe mumakhulana, izi anyamata amachita nazo manyazi koma tsiku lachitatu amayenda chotangadza. Ukangomva penapake pakutentha ima pompo umate pulasitala thuza lisanatuluke, usati ndikaona tikafika. Thuza likatuluka laling'ono lisiye, ungoliphimba. Likakhala lalikulu loti sungaponde, sambitsa ndi sopo, boola m'mbali ndi singano yoyera yowotcha pamoto, finya madzi, khungulo usalichotse, phimba. Likafiira kuzungulira, kutentha, kutuluka mafinya, pita ku posito ya zaumoyo tsiku lomwelo.

Amalume tinyamule chani? Amayi anga akuti nditenge ufa, poto, mbaula ndi bulangete ziwiri. Mtsikana, Furancungo

Amayi ako amakukonda mwana wanga, koma katundu ameneyo adzakuthyola msana. Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwako, ngati uli ndi makilo 60 ndiye makilo 6, madzi apadera. Zovala zosinthira ziwiri basi, uzichapa madzulo. Kapulana ziwiri, imeneyi ndiye mfumu ya katundu yense poti ndi chofunda, ndi mphasa, ndi mthunzi, ndi thaulo, ukainyowetsa nkuika pakhosi imaziziritsa thupi. Chipewa chachikulu kapena ambulera, tochi, sopo, neti ya udzudzu poti kuchigwa malungo ndi ambiri kuposa kumapiri kwanuko, kolona, bilyeti yako ya BI yokulunga mu pulasitiki, foni ndi chaja. Za akazi za pamwezi tenga olo ukuona ngati si nthawi yake, kuyenda kwambiri kumatha kusokoneza masiku.

Ufa ndi poto ndi za gulu, zikwere galimoto kapena njinga yoperekeza. M'chikwama mwako muzikhala zodya ukuyenda, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yophika, nthochi, pau, masau ouma ngati ndi nyengo yake, ndi kamchere pang'ono. Tenganso mapaketi a mchere wa m'chipatala wobwezera madzi m'thupi uja, ukasowa panga wekha: lita imodzi ya madzi abwino, masipuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mpaka phiri, ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere.

Ndalama usaike malo amodzi. Zina mu M-Pesa kapena e-Mola, zina zosinthasintha za mameticais m'thumba la mkati, poti pa kamsika ka m'mudzi ukatulutsa 1000 palibe adzakupatse chenji. Ndipo ya chapa yobwerera uipatule pa tsiku loyamba usaikhudze, ambiri amakonzekera kupita kokha nkuiwala kuti kulinso kubwerera.

Ndili ndi zaka 64, ndimamwa mankhwala a BP komanso a shuga. Ana akundiletsa koma ine ndikuona kuti mwina mpata wina sindidzaupeza. Mundiuze zoona. Bambo wopuma pantchito, Tete

Bambo, ndikuuzani zoona monga mwapempha. Zaka si vuto, ndayendapo ndi agogo omwe ankatisiya m'mbuyo ife. Chondidetsa nkhawa ndi shuga pamodzi ndi dzuwa la kuno. Munthu wa shuga mapazi ake nthawi zina samva kupweteka bwino, thuza limakula iye osadziwa, ndipo bala lake limachedwa kupola. Komanso kuyenda tsiku lonse kumatsitsa shuga m'magazi, mankhwala omwe amakukwanani muli pakhomo atha kukhala ochuluka muli pamsewu, ndipo ena a BP amakodzetsa nde thupi limauma msanga. Izi zonse woti aziweruze ndi adokotala omwe amakuonani, pitani muwauze mwatchutchutchu kuti ndikufuna kuyenda makilomita akuti pa masiku akuti mwezi wakuti. Mankhwala musasiye kapena kuchepetsa panokha.

Akakulolani, mwana mmodzi mwa omwe akukuletsaniwo apite nanu, adziwe pomwe mwaika mankhwala, muzikhala ndi masiwiti kapena shuga m'thumba, musasale kudya muli paulendo, ndipo madzulo aliwonse wina aziyang'ana mapazi anu ndi tochi. Thuza lanu lisabooledwe panjira, ndi la kuchipatala.

Akakana, kapena inuyo mukaona pokonzekera kuti thupi silikulola, pali njira ina yomwe ine ndimailemekeza kwambiri. Kwerani mpaka pa Mussacama kapena kufupi kuposa apo, mutsike, muyende gawo lomalizalo pang'onopang'ono m'mawa kukuzizira, mulowe limodzi ndi anzanu mukuimba. Ngati munachita kulonjeza, kambani ndi bambo mfumu, ali ndi mphamvu yosintha lonjezo lotere kuti likhale lomwe mungathe. Mawu omwewa apitenso kwa amayi oyembekezera ndi onse omwe ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB, tengani okwanira masiku onse ndi ena apadera, pamodzi ndi khadi lanu la kuchipatala.

Amalume, andisankha kutsogolera gulu la anthu 30 a mphakati wathu. Chaka chino tikufuna tiyambe ndi ulendo waufupi wa ku Chapotera, chaka chamawa Zobwe. Mantha andigwira, ndiyambire pati? Wapampando, Domwe

Achimwene, manthawo ndi abwino, akusonyeza kuti mukudziwa kuti mwasenza miyoyo ya anthu. Ndipo mwaganiza bwino kuyamba ndi pafupi. Kwa owerenga omwe sakudziwa, ku Chapotera kufupi ndi mishoni ya Lifidzi ndi komwe ansembe awiri a chiJezuiti, bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kwathu konkuno, ndi bambo Sílvio Alves Moreira a ku Portugal, anatengedwa usiku nkuphedwa pa 30 Okutobala 1985 nthawi ya nkhondo. Akuluakulu ambiri a ku Angonia amawakumbukira ndi maso awo, nde mukamayenda pemphani mmodzi wa iwo afotokozere achinyamata pa nthawi yopuma, ulendowo udzalemera. Mukapita kumapeto kwa Okutobala, dziwani kuti ngakhale kumapiri kumatentha, komanso mvula yoyamba imatha kugwa ndi ziphaliwali, nde aliyense akhale ndi pulasitiki yofunda ndipo kukachita mabingu musabisale pansi pa mtengo wautali womwe uli paokha.

Yambani ndi kope. Dzina la aliyense, nambala ya wachibale wotsala kunyumba, matenda omwe ali nawo. Kenako kalata yochokera ku parishi yodindidwa, yonena kuti ndinu ndani mukupita kuti, imeneyi mudzaonetsa kwa mfumu ya mudzi, kwa sekeretariyo ngakhale kwa apolisi panjira. Malo ogona musadzafike modzidzimutsa anthu, tumizani munthu kapena imbani sabata ziwiri zisanachitike kwa akatekisita a makapela a m'njira, muwauze chiwerengero, amayi angati abambo angati. Anthu 30 si alendo ochepa pa mudzi, pamafunika nkhuni, madzi, chimbudzi. Tengani ufa wanu ndi ndiwo zanu, ndipo pochoka musese, musiyeko kenakake, kuti gulu lobwera pambuyo panu lidzalandiridwenso.

Pamsewu ndi pomwe ndikufuna mukhwimitse kwambiri, makamaka chaka chamawa pa N7. Msewu umenewu ndi wa malole akuluakulu ndi matanki a mafuta opita ku Malawi, usana ndi usiku, ndipo malo ena m'mbali mulibe poyenda. Kuno galimoto zimayenda kumanzere, nde inu muziyenda kudzanja lamanja kuti muziona galimoto ikubwera kutsogolo kwanu, mzere umodzi, osati atatu atatu mukucheza. Wakutsogolo ndi wakumbuyo avale makoleti owala aja ndipo m'bandakucha akhale ndi tochi. Kwaya ikayamba nyimbo anthu amatengeka nkuyamba kulowa pakati pa msewu osadziwa, ikani anthu awiri omwe ntchito yawo ndi kuyang'ana msewu basi, iwowo asaimbe. Podutsa pa mlatho kapena pokhota dulani nyimbo. Musapume kapena kusonkha moto pafupi ndi matanki oima. Ochokera mbali ya ku Moatize amadutsa pa Caphiridzange pomwe tanki inaphulika mu Novembala 2016 nkupha anthu ambirimbiri, pamenepo aime patali ndi msewu awapempherere.

Liwiro la gulu ndi la munthu wochedwa kwambiri. Achinyamata adzafuna kuthamanga, aikeni kumbuyo asenzeko zikwama za amayi. Muziwerenga anthu ponyamuka paliponse. Sonkhani ndalama ya galimoto kapena njinga yamoto imodzi yoperekeza yonyamula zigubu za madzi, ufa ndi aliyense wolephera, ndipo munene poyera tsiku loyamba kuti kukwera si manyazi, chifukwa anthu amabisa ululu poopa kusekedwa mpaka zinthu kufika poipa. Wina akayamba mutu waukulu, chizungulire, kusanza, muikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi thupi lonse nkumukupiza, amwe pang'onopang'ono ngati akutha kumeza. Akayamba kuyankhula zosokonekera kapena kukomoka musamumwetse kanthu ndipo musadikire kuti tione kaye, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo uku mukumuziziritsa. Wotentha thupi ndi kunjenjemera akayezetse malungo tsiku lomwelo.

Pomaliza, Zobwe ndi pa malire ndi Mwanza, aliyense akhale ndi chiphaso chake, ndipo muwachenjeze kuti foni ikafika kumeneko nthawi zina imalumphira ku netiweki ya ku Malawi nkudya kredito yonse. Mugwirizane malo amodzi okumanirana Misa ikatha, poti pa chikhamu chija munthu amasowa mosavuta.

Mwana wanga akuphunzira ku Porto, akuti patchuthi akufuna kuyenda wapansi kupita ku Santiago. Kodi nkutali bwanji, si zoopsa? Mayi, Tsangano

Mayi khazikani mtima pansi, njira imeneyo anthu akhala akuyenda kwa zaka mazanamazana kupita ku Santiago de Compostela ku Spain, komwe amalemekeza manda a Yakobo mtumwi. Kuchoka ku Porto ndi makilomita pafupifupi 240, ambiri amatha masiku 10 mpaka 12. Njira yonse ili ndi mivi yachikasu yolozera, ndipo m'matauni muli nyumba zogona apaulendo zotchipa zomwe amati albergue. Atenge kabuku kotchedwa credencial komwe amadinditsa pomwe wadutsa, kuti akalandire satifiketi ya Compostela ayenera kuyenda wapansi makilomita osachepera 100 ndipo azidinditsa kawiri patsiku. Ngati tchuthi ndi chachifupi atha kuyambira ku Tui pa malire a Portugal ndi Spain, ndi masiku 5 kapena 6. Julayi ndi Ogasiti kumeneko ndi nyengo yotentha ndipo anthu amachuluka moti malo ogona amadzaza msanga, nde azinyamuka m'mawa. Ayende ndi pasipoti ndi chiphaso chake chokhalira ku Portugal poti akulowa dziko lina. Za nsapato ndi matuza mumutumizire zomwe ndamuyankha mnyamata wa ku Ulongwe pamwambapa, ndipo mumuuze azikutumizirani uthenga pa WhatsApp madzulo aliwonse akafika pogona.